Jekete la Elia ndi Mabaji Asanu

Ine Suwedi, telala wa pa Joubert Park kuno ku Joni, ndasokera anthu ambiri zovala, ena aulemu wawo, ena mbava zenizeni, koma chovala chimene chandidyera ulusi kwambiri ndi jekete la Elia Chimkwita. Ndinalisoka mu 1977, lofiirira, la mabatani atatu, ndipo kuchokera pamenepo ndinasomola baji pathumba lake kanayi n'kusokapo ina. Nyumba ya kanema imene Elia ankagwirako ntchito inkasintha eni ake ngati chipinda cha lendi. Akabwera mwini watsopano, woyamba kudziwa ndinkakhala ine, chifukwa Elia ankatulukira pakhomo panga jekete lili pamkono, n'kunena kuti, "Achimwene, atigulanso."

Elia anali wa ku Ntcheu, Mngoni wosadziwa ngakhale liwu limodzi la Chingoni. Anabwera ku Joni kudzagwira ntchito ya mu mgodi pamodzi ndi mng'ono wake Davide. Tsiku lonyamuka kwawo, mayi awo sanawauze zambiri. Anangowagwira mikono onse awiri n'kunena kuti, "Mukupita awiri, mukabwerenso awiri."

Mu 1974 ndege yonyamula anthu akwathu inagwa ku Francistown, ndipo boma lakumudzi linaitanitsa anthu ake amene anali m'migodi. Makomponi, nyumba zija tinkagonamo amuna okhaokha, anayamba kukhala mbee. Tsiku loti Elia ndi mng'ono wake akwere kubwerera kumudzi litafika, Davide sanaoneke. Pabedi pake panalibe ngakhale bulangete. Anzake anamuuza Elia kuti akwere basi, munthu wamkulu sasowa, koma iye anatsitsa sutikesi yake n'kukapempha kuti amusiye pantchito. Akanakawauza chiyani amayi, atafika yekha?

Anamufuna Davide m'zipatala, m'ndende, m'makomponi a migodi ina, mpaka nsapato zinatha. Kenako mwala unamuphwanya phazi pansi pa mgodi, ndipo kampani inamupatsa tsache kuti azisesa m'maofesi ake m'tauni. Kumeneko n'kumene kanema anamupeza.

Wailesi yakanema inali itangofika kumene m'dziko muno, ndipo kampani ya mgodi inaganiza zokhala ndi kanema wakewake woti aziphunzitsa antchito kupewa ngozi. Anatsegula kachipinda, anaikamo makamera awiri, anakoka mawaya mpaka m'maholo a makomponi. Ankalankhula Chifanakalo, chinenero chija cholamulirana pansi pa mgodi. Koma anthu akwathu atayambanso kubwera pang'onopang'ono, anafuna munthu woti aziwerenga malangizo m'Chichewa Loweruka masana. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuona munthu ali ndi tsache. Anamutuma kwa ine kuti ndimusokere jekete, ndipo baji yoyamba inali ya piki ndi fosholo.

Loweruka loyambalo ndinali m'holo ya komponi, popeza makina anga osokera nthawi imeneyo ankakhala pakhonde la holoyo. Bokosi la kanema litayaka, tinaona Elia atakhala chilili kukhosi ngati wameza ndodo. Pepala la malangizo sanaliyang'ane n'komwe. Anaweramitsa mutu, anaomba m'manja pang'onopang'ono, n'kunena kuti, "Azibambo nonse, muli bwanji?"

Atatero anakhala chete, akutiyang'ana.

Tinaganiza kuti bokosi lafa. Wina anadzuka kuti akalimenye mbama. Elia anadzandiuza pambuyo pake kuti kuchipinda kuja mzungu wa makina ankazunguza mkono ngati akupukusa galimoto, akunong'oneza m'Chifanakalo kuti alankhule: "Khuluma, Elia, khuluma." Koma munthu anali atapereka moni, ndipo ankadikira. Mkulu wina wa ku Dedza amene anakhala kutsogolo analephera kupirira. Anavula chipewa n'kuyankha bokosi kuti, "Tili bwino, kaya inu?" Holo yonse inaphulika ndi phwete. Ndiye tikuseka choncho, Elia anagwedeza mutu ngati wamva, n'kunena kuti, "Ifenso tili bwino, zikomo."

Anthu amenewa anali atakhala miyezi akungomva "fika lapa, hamba lapa", bwera apa, pita apo, popanda wowafunsa kuti agona bwanji.

Kenako Elia anayandikira kamera. "Nawenso Davide, mwana wa kwa Chimkwita, kulikonse kumene uli, uli bwanji?" Anadikiranso, ndipo ulendo uno palibe anaseka. Atatha kudikira anatenga pepala lija n'kutiuza kuti tizivala zipewa zolimba.

Azungu a kampani anafuna kumubwezera ku tsache, koma woyang'anira komponi anawauza kuti Loweruka lotsatira holo inadzaza mpaka m'mawindo, ndipo Mashangani ndi Abasuthu omwe anali ataphunzira kuyankha. Ine ndinamufunsa Elia chimene chinamulowa m'mutu. Anandiyang'ana ngati wopusa ndine. "Munthu mungamupatse moni n'kupitirira musanamve kuti ali bwanji? Ndiye moniwo ndi wachiyani?"

Umo ndi mmene zinakhalira mlungu ndi mlungu. Moni kwa onse, chete. Moni kwa Davide, chete. Kenako mauthenga, amene posakhalitsa sanalinso a zipewa zokha koma a maliro, a odwala, a amene akupita kumudzi ndipo angathe kunyamulirako anzawo katundu. A Davide anabwera ambiri ndithu. Wina wa ku Dowa analumbira kuti ndi yemweyo, kungoti anatalika ndi mphepo ya ku Joni.

Mu 1982 wailesi yakanema ya boma itayamba kuulutsa m'Chizulu ndi m'Chisuthu, kampani ya mgodi inati kanema wake alibenso ntchito. Inagulitsa zonse, makamera, mawaya ndi Elia yemwe, kwa Mpwitikizi wina dzina lake Fonseka, amene anathawa ku Mozambique ndipo anali ndi hotela pafupi ndi Joubert Park. Ndinasomola piki ndi fosholo n'kusokapo tambala, chifukwa Fonseka ankatchuka ndi nkhuku yootcha ya tsabola. Ine ndinali nditasamukiranso kuno, moti ndinaona ndi maso anga mmene anakokera mawaya m'mafulati onse ozungulira paki. Azungu ankaonera mafilimu m'munsi, ndipo ife, ophika, alonda ndi okolopa, amene tinkagona m'tizipinda ta padenga pa mafulatiwo, tinkadikira Loweruka.

Fonseka sanali munthu woipa, koma chete ankamupweteka m'mimba. Analamula kuti Elia akangopereka moni, pomwepo pazilowa chithunzi cha nkhuku ndi nyimbo yake. Loweruka limenelo tinatsegula pakamwa kuti tiyankhe, n'kupezeka kuti tikuyankha tambala. Dzina la Davide silinamveke n'komwe. Elia anabwera kwa ine madzulo ake, anakhala pa mpando wa makasitomala, ndipo ndinamva chisoni kwambiri.

Amene anakonza zinthu anali mayi Felesita, amene ankachapa m'fulati ina ndipo ankadziwa Mmalawi aliyense wa padenga. Kuguba sitikanatha, apolisi akanatikwezera m'magalimoto tonse. Ndiye Lolemba m'mawa Fonseka akutuluka m'hotela, anakumana ndi mlonda wachikulire amene anavula chipewa n'kumufunsa kuti wadzuka bwanji. Fonseka anati ali bwino. Mlonda anafunsa za dona, n'kudikira. Anafunsa za ana, n'kudikira. Atachoka ameneyo panabwera wophika, pambuyo pake mayi Felesita, pambuyo pake ine. Pagalimoto pake panali wina, pakhomo la banki wina, kukhitchini atatu. Aliyense mwaulemu wonse, manja pamodzi, osachoka mpaka atayankhidwa. Munthu sungamuitanire apolisi chifukwa chakupatsa moni. Mlungu usanathe Fonseka anakwera yekha masitepe mpaka kuchipinda cha makamera, thukuta lili kamukamu, n'kunena kuti, "Mpatseni Elia chete wakeyo, ndipumeko ine."

Zaka zinapita. Elia sanakwatire, ankati adzakwatira akafika kumudzi. Aliyense wochokera ku Ntcheu ankabwera ndi mawu omwewo, akuti amayi akadali moyo, maso akuchita mdima, ndipo akufunsa ngati awiri aja anyamuka. Ine ndinkamuuza poyera kuti Davide wakeyo mwina anafa, mwina sakumufuna, ndipo kuti akupha amayi ake ndi kudikira. Ankangondiyankha kuti batani lapakati lagwedera, ndilimbitse.

Mu 1986 azungu atayamba kusamuka ku Joubert Park, Fonseka anamanga katundu kupita ku Portugal. Anagulitsa kanema uja kwa mpingo wina wa ku America. Tambala anachoka, panabwera nkhunda, ndipo ine Msilamu ndinaisoka bwino kuposa zonse. Abusa a mpingowo atamuona Elia akuweramitsa mutu n'kukhala chete, misozi inalengeza m'maso mwawo. Anaganiza kuti ndi pemphero lachinunu, ndipo palibe amene anawachotsa m'maganizo amenewo. Vuto linali loti analamula kuti pa nthawiyo pazimveka limba. Limba likamalira, munthu sumva ngakhale yankho lako lomwe. Mwamwayi amene anapatsidwa ntchito yoyatsa limbalo anali Connie, mtsikana wa ku Soweto amene anangoyamba kumene kuphunzira kamera. Connie anali ndi mutu wabwino pa china chilichonse, koma Loweruka lililonse ankaiwala batani la limba.

Kenako kulemba anthu akwathu ntchito za m'migodi kunatha, mawaya a kumakomponi anadulidwa, ndipo abusa aja anatopa nafe. Mu 1989 anatigulitsa kwa kampani ya mipando imene inali ndi masitolo m'mataunishipi onse. Baji yachinayi inali sofa, ndipo ndikuuzeni, palibe chinthu chonyozetsa singano ngati kusoka sofa pachifuwa cha mwamuna. Kampaniyi inaika mabokosi m'mawindo a masitolo ake, kuti anthu odutsa aziima. Bwana wake wamng'ono, wa wotchi yaikulu kuposa dzanja, anati za Davide ndi nkhani ya m'banja, ichoke. Elia anavula jekete n'kuliika patebulo. Anakambirana mpaka anagwirizana kuti dzina likhale, chete akhale, koma Elia azikhala pa sofa yogulitsa ndipo podikirapo azisisita nsalu yake.

Ndinaima pawindo la sitolo tsiku lina n'kumuona, bambo wa imvi akusisita sofa ngati mphaka. Manyazi anandigwira ine m'malo mwake, ndipo ndinamuuza.

"Ndisisita ngakhale wadiropu," anatero. "Bola windo lililonse limutchule."

Kumayambiriro kwa 1993 kampani ya mipando inati yatseka kanema. M'mawindo munatsala chithunzi cha sofa yopanda munthu. Elia anabwera wopanda jekete pamkono, analisiya kunyumba, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamumva akunena kuti mwina ndinkanena zoona za Davide. Sindinakondwere nazo ngakhale pang'ono.

Koma Connie, amene tsopano anali mayi wa ana awiri ndi pakamwa posagonja, anapita kwa eni kampani kukawauza kuti makina akalekalewo palibe angawagule, awasiyire antchito. Anavomera kuti achotse zinyalala. Magulu athu a maliro anathandiza, a mataxi a pa Park Station, siteshoni yaikulu ya kuno, anati aika bokosi pamalo podikirira anthu, ndipo chipinda chinapezeka pamwamba penipeni pa shopu yanga. Nyumba ya kanema imene inayamba ndi kampani ya mgodi inakhala ya okoka mawaya, wosesa ndi woiwala batani. Pa baji yachisanu ndinasoka manja awiri akuomba. Ena amati akuoneka ngati nthochi, koma amenewo sanagwirepo singano.

Kutatsala pang'ono kuti tiyambe kuulutsa, m'shopu mwanga munalowa mtsikana wamtali, wa ku taunishipi ya Alexandra, dzina lake Busi. Analankhula Chizulu. Anati akufuna munthu wa ku Malawi amumasulire mawu ena amene iye sawamva. Anaima mowongoka ngati mwana wa sukulu, n'kuwatchula mmene anawaloweza:

"Ndili bwino, achimwene, kaya inu. Pepani."

Sizasi inandigwa m'manja. Ndinamufunsa kumene anawamva. Anati bambo ake, a Jabu, amene amakonza nsapato, Loweruka lililonse ankatseka ntchito n'kupita pawindo la sitolo ya mipando. Iye ankawaperekeza zaka zinayi zonsezo. Madala wa pa sofa akatchula dzina lina n'kukhala chete, bambo ake ankanong'oneza mawu amenewa, maso ali pansi. Chitsekereni kanema, ankapitabe kukaima pawindo, kuyang'ana sofa yopanda munthu, ndipo chakudya chinali chitawakanika.

Ndinakuwa dzina la Elia mpaka anthu a m'paki anatembenuka. Anatsika masitepe ndi phazi lake lotsimphina, anamuyang'ana mtsikanayo nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Mphumi imeneyi ndi ya amayi."

Nkhani yonse tinaimva pambuyo pake, ndipo inali yaifupi. Mu 1974 Davide anali ndi chibwenzi ku Alexandra, Minnie, ndipo Minnie anali ndi pakati. Kuti asathamangitsidwe, Davide anapeza pasi, chiphaso chija cha boma, ya dzina la Chizulu n'kukhala Jabu. Za moni wa mkulu wake ankazimva kwa anthu, koma kuuyankha kukanamuulula. Lamulo la mapasi litatha, mantha anatha, koma manyazi anali atakula kuposa mantha aja.

Ine ndinali nditavala kale chipewa kuti tikwere taxi tikamukoke ndi khutu. Elia anakana. "Ayi, achimwene. Ndinamupatsa moni, ayankhe yekha." Anatembenukira kwa Busi n'kumuuza m'Chizulu chake chothyokathyoka kuti, "Ukawauze kuti Loweruka tili pano, ndipo chitseko sitikhoma."

Loweruka limenelo m'chipinda munali kutentha koopsa. Connie anali pa kamera, ine ndinaima pafupi ndi chitseko, ndipo pansi, pakhomo pa shopu yanga, tinali titaika bokosi, anthu atadzaza mpaka mumsewu. Elia anakhala pa mpando wamba wa thabwa, anaomba m'manja, anapereka moni kwa azibambo ndi azimayi onse. Yankho linakwera kuchokera mumsewu n'kulowa pawindo. Zaka zonsezi anali asanalimvepo ndi makutu ake, ndipo anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Ifenso tili bwino, zikomo."

Kenako anayandikira kamera. "Nawenso Davide, mwana wa kwa Chimkwita, uli bwanji?"

Msewu unakhala chete. Ine ndinasuzumira pa masitepe, panalibe munthu, ndipo mumtima ndinayamba kumutukwana Davide ndi mawu amene sindingalembe pano. Connie anandiyang'ana. Elia sanasunthe, manja ali pamaondo, akudikira monga ankachitira nthawi zonse, kungoti ulendo uno anapitirira muyeso. Ndiye ndinamva nsapato zikukwera pang'onopang'ono. Anatulukira Busi, atagwira dzanja la bambo wowonda, wa chipewa m'manja. Bamboyo anaima pakhomo, osalowa.

"Ndili bwino, achimwene," anatero, Chichewa chake chitachita dzimbiri. "Kaya inu?"

"Ifenso tili bwino," anayankha Elia. "Amayi akutidikira."

Anadzuka n'kuchoka pa kamera. Connie sanaitembenuze. Anthu a mumsewu ndi a pa Park Station anangoona mpando wopanda munthu, akumva madala awiri akulira. Kenako mayi Felesita anayamba nthungululu pansipo, a mataxi anayamba kuliza mahutala, ndipo ine ndinalira osabisa.

Ananyamuka mwezi wotsatira, Elia atalonjeza Minnie kuti amubwezera mwamuna wake mvula isanagwe. Jekete Elia anandisiyira kuti ndilichepetse m'mapewa, chifukwa Connie anali atanena kuti mpando sungakhale wopanda munthu, ndipo Busi anali atayamba kale kuphunzira moni. Amaupereka ngati Mzulu, koma kudikira amadikira bwino.

Ndinawaperekeza ku basi, pafupi ndi Park Station. Kondakitala anali mnyamata wa changu, wosayang'ana anthu kumaso. Anafunsa m'Chizulu kuti okwera ndi angati. Elia anaika sutikesi pansi, sutikesi yomwe ija anaitsitsa mu 1974, n'kugwira mkono wa mng'ono wake.

"Awiri," anatero.